Kugula Chithunzi cha Nkhope Chojambulidwa Mwaluso: Zoyang'ana Musanalipire

Pamsika wa zithunzi zaluso, ndalama zanu zimapita pa pepala limodzi lenileni: linatsukidwa liti, analitsuka ndani, ndi inki kapena mankhwala otani, ndipo ofanana nalo alipo angati padziko. Nkhope imodzimodzi, yochokera pa negetivu imodzi, ikhoza kupezeka pa posita yotchipa komanso pa pepala lodula kuposa galimoto. Pa chithunzi cha munthu pamawonjezekanso china chimene sichipezeka pa chithunzi cha phiri kapena nyanja: pali wojambulidwayo, amene nkhope yake ikakhale pakhoma panu zaka zambiri. Pepalalo ndi munthuyo, zonse muzifufuze musanatulutse ndalama.

Yambani mwaona zambiri

Mwezi woyamba musagule kanthu, ingoonani. Yang'anani ntchito za Seydou Keïta wa ku Bamako m'dziko la Mali, amene ankaimika anthu kutsogolo kwa nsalu zamaluwa pabwalo la nyumba yake, kuwala kwake kawirikawiri kuli kwa dzuwa. Onaninso Malick Sidibé, wa ku Bamako komweko, amene analandira mphoto ya Golden Lion pa chionetsero cha zaluso cha ku Venice mu 2007, ndi J.D. 'Okhai Ojeikere wa ku Nigeria amene anajambula malukidwe a tsitsi la amayi. Zanele Muholi wa ku South Africa anayamba mndandanda wa zithunzi za nkhope wotchedwa Faces and Phases mu 2006. Mukamaona, dzifunseni kuti manja a wojambulidwayo ali pati, kuwala kukuchokera mbali iti, ndiponso ngati munthuyo waima mwa kufuna kwake kapena wangogwidwa modzidzimutsa. Chithunzi chabwino cha nkhope chimaonetsa kuti pakati pa awiriwo panali kumvana kwinakwake.

Pa foni mapepala onse amaoneka ofanana, choncho pitani kumene zithunzi zapachikidwa. Ku Johannesburg kuli Market Photo Workshop, sukulu imene David Goldblatt anayambitsa mu 1989, ndipo imachititsa zionetsero. Palinso zionetsero zikuluzikulu monga FNB Art Joburg, Investec Cape Town Art Fair, Photo London, Paris Photo imene imachitika mwezi wa Novembala, ndi Rencontres de Bamako imene inayamba mu 1994. Amene muli ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka, pitani ku zionetsero za ojambula a kwanu ndipo mulankhule nawo maso ndi maso. Ife timaona kuti wogula koyamba amapindula kwambiri akayambira kwa wojambula wamoyo amene angamufunse mafunso.

Mukapeza chimene chakugwirani mtima, funsani kukula kwake, mudule nyuzipepala saizi yomweyo, muimate pakhoma pamene mukufuna kudzachipachika. Nkhope ya masentimita 100 m'chipinda chochezera chaching'ono imalemera kusiyana ndi mmene inkaonekera m'holo yaikulu.

Pokonza bajeti, mtengo wa chithunzi ndi gawo limodzi chabe. Muonjezepo felemu, mtengo wotumizira, inshuwalansi ya panjira, ndi msonkho ngati chikuchokera kunja. Pa chithunzi cha wojambula wongoyamba kumene, felemu yabwino ikhoza kudya ndalama zofanana ndi za chithunzicho. Ku okishoni monga Christie's, Sotheby's, Phillips kapena Strauss & Co ya ku South Africa, pamwamba pa mtengo umene nyundo yagwerapo pamabwera ndalama ina ya kampaniyo, imene ku makampani akuluakulu imafika 25 peresenti kapena kuposa. Werengani malamulo awo musanakweze dzanja.

Makope alipo angati?

Funso ili ndi limene limakhazikitsa mtengo. Wojambula amalonjeza kuti chithunzi chakuti adzachitsuka makope owerengeka, ndipo gulu la makopewo amati edition. Kuseri kapena m'munsi mupeza nambala monga 3/10, kutanthauza kope lachitatu mwa makope 10. Makope akachepa, mtengo umakwera. Edition ya 5, 8 kapena 10 ndi yofala m'ma gallery (malo oonetsera ndi kugulitsira zaluso) odalirika. Ya 250 kapena 500 ili pafupi ndi posita, ndipo yopanda malire, imene amati open edition, muigule chifukwa mwaikonda basi, musayembekezere kudzapezapo phindu.

Nambala yaing'ono sipambana yaikulu. Kope la 1/10 ndi la 9/10 ndi ofanana ngati anatsukidwa mofanana. Chimene chimasintha n'chakuti ogulitsa ambiri amakweza mtengo makope akamatha: atatu oyamba mtengo wina, otsatira wokwererapo, lomaliza lodula koposa. Wofika msanga amalipira zochepa.

Tsono pali misampha iwiri. Woyamba ndi makope olembedwa AP, amene wojambula amasunga ngati ake kunja kwa nambala ija. Mwachizolowezi amakhala limodzi kapena awiri, kapena pafupifupi 10 peresenti ya edition yonse, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma mukamva "makope 10 ndi ma AP 6", dziwani kuti makope enieni ndi 16. Nthawi zina pamakhalanso kope la wotsuka, lolembedwa PP. Funsani chiwerengero cha onse pamodzi.

Msampha wachiwiri ndi masaizi. Chithunzi chimodzi chikhoza kukhala ndi makope 10 aang'ono, 10 apakati ndi 5 aakulu, saizi iliyonse ndi nambala zakezake. Izi zinafika mpaka kukhoti ku New York. Mu 2012 Christie's inagulitsa makope atsopano aakulu a zithunzi zakale za William Eggleston, ndipo munthu wina amene anali ndi makope oyambirira owerengeka anakasuma kuti ake atsika mphamvu. Mu 2013 khoti linathetsa mlanduwo, ponena kuti makope atsopanowo ndi osiyana ndi akale pa kukula ndi katsukidwe. Choncho musadalire nambala yokha. Pemphani kuti akulembereni masaizi onse amene alipo, makope a saizi iliyonse, ndiponso ngati wojambulayo akudzisiyira mpata wodzatulutsa ena m'tsogolo. Wokana kulemba zimenezi musiyeni.

Linatsukidwa liti, ndipo ndani?

Chithunzi chimakhala ndi zaka ziwiri: chaka chojambulidwa ndi chaka chotsukidwa. Kope lotsukidwa pafupi ndi nthawi yojambula, kawirikawiri pasanathe zaka zisanu, amati vintage, ndipo ndi limene osonkhanitsa zithunzi amalilimbirana. Lotsukidwa patapita zaka zambiri koma mwini wake akuyang'anira ndi kusaina limabwera pambuyo pake. Lotsukidwa mwini wake atamwalira, lokhala ndi chidindo cha osunga chuma chake, limatsika kwambiri mtengo.

Nkhani ya Keïta imaonetsa bwino zimenezi. Anatsegula situdiyo yake mu 1948, ndipo makasitomala ake ankatenga tizithunzi tating'ono, tambiri ta masentimita 13 ndi 18. Zithunzi zikuluzikulu zimene dziko likuzidziwa lero zinatsukidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1990, n'kuonetsedwa ku Paris ndi ku New York. Atamwalira mu 2001 panabuka mkangano wa amene ali ndi mphamvu pa manegetivu ake ndi makope amene ali ovomerezeka. Wogula dzina lalikulu ngati limeneli ayenera kuona mbiri ya kopelo: linachoka kwa ndani, linadutsa m'manja mwa ndani, ndipo malisiti ake ali kuti.

Pepala nalonso limaulula zaka zake. Kuyambira m'ma 1950 opanga mapepala a zithunzi anayamba kuikamo mankhwala oyeretsa amene amawala mwa buluu akaunikidwa ndi tochi ya UV (kuwala kosaoneka ndi maso, kumene kumapezekanso m'dzuwa). Umu ndi mmene zinadziwikira, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kuti makope ena ogulitsidwa ngati akale a Lewis Hine anali pa mapepala opangidwa iye atamwalira kale mu 1940. Ngati akukuuzani kuti kope ndi la m'ma 1930 koma likuwala pa tochi yotere, imani kaye, muitane katswiri.

Mtundu wa katsukidwe

Funsani dzina lenileni la katsukidwe ndi la pepala. Yankho lakuti "ndi pepala labwino kwambiri" silokwanira.

Gelatin silver ndi chithunzi chakuda ndi choyera chotsukidwa m'chipinda chamdima. Chikakhala pa pepala la fibre, losakutidwa ndi pulasitiki, lotsukuluzidwa mokwanira, chimakhala zaka zoposa 100. Chikatsukuluzidwa mothamanga, mankhwala otsalira amabweretsa mawanga achikasu kapena ofiirira patapita zaka. Pepala la RC, lokutidwa ndi pulasitiki, ndi lotchipa ndipo osonkhanitsa salikonda kwenikweni.

C-print ndi chithunzi chamitundu chotsukidwa ndi mankhwala pa mapepala monga Fuji Crystal Archive. Khungu la munthu limaoneka losalala bwino pamenepo, koma utoto wake umasuluka pang'onopang'ono, makamaka pamalo owala ndi otentha. Kope lakale la mtundu uwu muliyang'anitsitse ngati layamba kufiira kapena kuchita chikasu m'mbali moyera.

Ojambula ambiri lero amagwiritsa ntchito makina opopera inki ya pigment, ndipo ena amalemba kuti giclée. Apa chofunika ndi inki ndi pepala. Inki ya pigment pa pepala la thonje lopanda asidi, monga Hahnemühle Photo Rag la magalamu 308 kapena mapepala a Canson Infinity, imapirira zaka makumi ambiri. Inki ya dye, yofala m'mashopu otsukira zithunzi mwachangu, ikhoza kusuluka m'zaka zochepa pakhoma lowala. Kwa wojambulidwa wa khungu lakuda, yang'anitsitsani mbali ya nkhope imene ili mumthunzi: pa kope lotsukidwa bwino mumaonabe tsaya, khutu ndi m'mphepete mwa tsitsi, pamene pa lotsukidwa mosasamala zonse zimasanduka chigamba chimodzi chakuda. Pepala losanyezimira limameza mdima wozama pang'ono, lonyezimira pang'ono lotchedwa baryta limausunga bwino. Ngati n'kotheka, pemphani kuona kachidutswa koyesera pa mapepala onse awiri.

Palinso katsukidwe ka chitsulo cha platinum, mtundu wodula, wofewa m'maso ndi wokhalitsa kwambiri, koma sapezeka kawirikawiri.

Kuliyendera pepala

Pemphani kuti chithunzi chichotsedwe mu felemu. Felemu imabisa m'mbali mong'ambika, siginecha, ndi zomatira zoipa. Sambani m'manja, muumitse, ndipo ngati alipo valani magolovesi a nitrile kapena a thonje. Nyamulani pepala ndi manja awiri, kapena pa bolodi, chifukwa kulinyamula ndi dzanja limodzi kumasiya timakwinya tokhota ngati chikhadabo timene sitichoka.

Thimitsani magetsi apamwamba, muunike ndi tochi cham'mbali, kuwala kuzikwawa pa pepala. Zokandika, zidindo za zala, matuza ndi malo amene anakonzapo zimatulukira pompo. Pa zithunzi zakale zakuda ndi zoyera, kunyezimira kwa buluu ngati chitsulo m'malo akuda kumasonyeza kuti siliva wayamba kuwonongeka ndi chinyezi. Timadontho tofiirira ndi chizindikiro cha chinyezinso kapena chuku. Pa za inki, funani timizere topingasa m'malo osalala monga kumbuyo kwa munthu, timene timabwera makina akatsekeka timabowo ta inki.

Kenako tengani kagalasi kokulitsa kakhumi. Posita yosindikizidwa ngati magazini imaonetsa timadontho tondondozana mwadongosolo, tozungulira ngati timaluwa. Inki yopopera imaonetsa timadontho tosaoneka bwino tomwazikana. Gelatin silver siionetsa madontho a makina ayi. Ngati akugulitsani gelatin silver koma mukuona timaluwa, chimenecho ndi tsamba losindikizidwa.

Tembenuzani. Siginecha ikhale ya pensulo kapena inki yosalowerera, pamodzi ndi dzina la chithunzi, zaka ndi nambala. Ngati chinamatidwa pa aluminiyamu, siginecha imakhala pa kapepala komatidwa kuseri. Jambulani zonsezi ndi foni. Mukamagula muli kutali, pemphani zithunzi za kutsogolo, kuseri, makona onse anayi, ndi chikalata chofotokoza mmene kopelo lilili.

Zikalata, ndi munthu amene ali pachithunzipo

Lisiti ndi satifiketi zilembe zofanana: dzina la wojambula, dzina la chithunzi, chaka chojambula, chaka chotsuka, katsukidwe, dzina la pepala, kukula kwa chithunzi ndi kukula kwa pepala lonse, nambala ya kope, chiwerengero cha makope onse ndi ma AP. Satifiketi isainidwe ndi wojambula kapena gallery imene imamuimira. Yosainidwa ndi wogulitsa wosadziwika ilibe mphamvu, chifukwa aliyense akhoza kuipanga pa kompyuta. Wojambula akakhala wamoyo, mulembereni, mumutumizire chithunzi cha kuseri, atsimikize. Chithunzi chogulitsidwa pa intaneti ndi munthu amene simukumudziwa chifufuzeni pa Google Lens, imene imafufuza zithunzi zofanana pa intaneti, chifukwa akuba amatenga ntchito za ena n'kumazisindikiza.

Kenako funsani za wojambulidwayo. Kodi anavomera kuti nkhope yake igulitsidwe? Pali chilolezo cholembedwa? Ngati ndi mwana, anavomera ndi makolo kapena omulera? Funso ili timalitenga mwamphamvu, chifukwa zithunzi zambiri za anthu a m'midzi ya mu Africa, odwala, amasiye ndi ovutika, zagulitsidwa kunja eni ake osadziwa ngakhale kumene nkhope zawo zinapita. Wojambula wolemekeza ntchito yake amadziwa dzina la munthuyo, kumene anakumana, ndi zimene anagwirizana, ndipo sakhumudwa mukafunsa. Amene akuyankha kuti "ndi mayi wina wake wa kumsika" wakuuzani zokwanira. Chimodzimodzinso zithunzi za miyambo yachinsinsi kapena za munthu wosavala: chilolezo chake chikhale chomveka bwino.

Dziwaninso kuti kugula kope sikukupatsani umwini wa chithunzicho. Mukhoza kulipachika, kulibwereketsa kapena kuligulitsa, koma simungalisindikize pa kalendala, pa malaya kapena pa chikuto cha buku popanda chilolezo cha wojambula. Ku Malawi nkhani zotere zili pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, akhoza kukuunikirani. Ngati mukulemba wojambula ntchito kuti ajambule inuyo kapena mayi anu, malamulo amasiyana dziko ndi dziko: ku South Africa, mwachitsanzo, lamulo la 1978 limapereka umwini kwa amene walamula ndi kulipira chithunzicho, pokhapokha mutagwirizana zina. Choncho lembani pangano: makope angati, saizi yanji, pepala lanji, adzakonza nkhope mpaka pati pa kompyuta, ndiponso ngati ali ndi ufulu woonetsa kapena kugulitsa chithunzi chanu kwa ena.

Kulipira ndi kutumiza

Gallery nthawi zambiri imatenga pafupifupi theka la mtengo, ndipo kupempha kuchotserako 10 peresenti si chipongwe. Ambiri amalolanso kulipira pang'onopang'ono, chithunzi n'kutuluka mukamaliza. Kunenerera kwambiri kwa wojambula wachinyamata amene wagula yekha pepala ndi inki kuchokera kunja sikoyenera. Lipirani kudzera njira yosiya umboni, ku akaunti ya dzina lomwe lili pa lisiti.

Chithunzi chiyende chopanda galasi, chifukwa galasi likasweka limacheka nkhope. Chabwino n'kuchigoneka m'thumba la polyester, pakati pa mabolodi olimba okulirapo masentimita 5 mbali zonse. Chachikulu chikhoza kukulungidwa m'chubu, koma chubucho chikhale chotakata masentimita 10 kapena kuposa, popeza mapepala okhuthala amasweka pamwamba akapindidwa mothina. Chikafika, jambulani phukusi musanatsegule, kenako muchisiye chigone pamalo oyera tsiku limodzi kapena awiri chiwongoke chokha. Za msonkho wolowera funsiranitu kwa a MRA, a ZRA kapena wothandiza kuombola katundu, ndipo lisiti likhale m'manja.

Felemu ndi khoma

Zithunzi zambiri zabwino zimafera kwa wopanga felemu. Muuzeni momveka kuti asamate chithunzi pa bolodi ndi guluu, asachikute ndi pulasitiki yotenthetsa, asadule m'mbali, ndipo asagwiritse selotepi kapena tepi ina iliyonse ya muofesi. Zonsezi sizibwezeka, ndipo zimagwetsa mtengo. Chithunzi chigwiridwe ndi timakona ta polyester kapena ta pepala lopanda asidi, kapena timahinji ta pepala la ku Japan tomatidwa ndi phala la sitachi ya tirigu, kumtunda kokha, kuti pepala lizitha kufutukuka ndi kubwerera nyengo ikamasintha.

Pakati pa chithunzi ndi galasi pakhale mpata. Bolodi lodulidwa windo, la thonje lopanda asidi, lokhuthala mamilimita 1.5 mpaka 3, limagwira ntchito imeneyi. Popanda mpatawu, chinyezi cha dzinja chimamatitsa chithunzi ku galasi, ndipo pochotsa khungu la chithunzi limatsalira pagalasipo. Kumbuyo kusakhale katoni wamba, hadibodi kapena MDF wokhudzana ndi pepala, chifukwa zimatulutsa asidi amene amalichititsa chikasu. Galasi likhale lotchinga UV. Abwino amatchinga mpaka 99 peresenti. Pa chithunzi choposa mita imodzi, acrylic, pulasitiki yoonekera ngati galasi, ndi yopepuka ndipo siisweka msanga. Kumata chithunzi kumaso kwa acrylic, monga amachitira pa Diasec, kumakongola, koma pakakandika palibe chosintha, choncho muvomere pokhapokha ngati ndi mmene wojambulayo amaperekera ntchito yake.

Pachikani pakhoma la m'kati mwa nyumba limene dzuwa silifikapo nthawi iliyonse ya tsiku, pakati pa chithunzi pakhale masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi. Gwiritsani zokolera ziwiri, ndipo kumakona a m'munsi kumbuyo muike timapilo ta labala kuti mpweya uzidutsa. Pewani khoma la kunja limene limanyowa ndi mvula, khoma logundana ndi bafa, ndi khoma la nyumba yatsopano limene pulasitala wake sanaume. Utsi wa mbaula, mafuta a kukhitchini ndi mankhwala opopera udzudzu zisayandikire. Popukuta, nyowetsani kansalu pang'ono, musapopere madzi pagalasi, chifukwa amatsikira m'munsi n'kulowa mu felemu.

Chinyezi choyenera ndi 30 mpaka 50 peresenti, ndipo chikapitirira 65 kwa masiku ambiri chuku chimayamba. Kachipangizo koyezera chinyezi n'kotchipa, kaikeni m'chipindamo. Kumadera a kunyanja monga Nkhata Bay, Salima ndi Mangochi, muyezo umenewu umapyoledwa kawirikawiri m'dzinja, choncho tsegulani mawindo kukacha bwino, kapena gwiritsani makina ochotsa chinyezi. Mvula ikatha mu Epulo, tsitsani felemu, muone kumbuyo ngati kuli njira za chiswe, zitosi za mphemvu kapena fungo la chuku, ndipo muyang'ane ngati m'kati mwa galasi mwachita nthunzi. Mukapeza chuku pa chithunzi penipeni musapukute, chifukwa mungafafanize inki kapena kukanda gelatin wofewa. Chotsani chithunzicho mu felemu, muchigoneke chagada pamthunzi pouma podutsa mpweya, ndipo mufunse wojambulayo kapena katswiri wokonza zithunzi musanachite china. Satifiketi ndi lisiti zisungidwe kwina, osati kumbuyo kwa felemu, ndipo mukhale ndi makope ake pa foni kapena pa imelo.